Mbewa zikuchira, agogo akuiwalabe: zomwe kuyesa mankhwala pa nyama kumatiuza

Mu February 2012, magazini ya sayansi yotchedwa Science idafalitsa lipoti lomwe lidautsa chiyembekezo m'mabanja ambiri ku America. Akatswiri a pa yunivesite ya Case Western Reserve mu mzinda wa Cleveland, motsogozedwa ndi Gary Landreth, adati mankhwala otchedwa bexarotene, omwe madokotala ankapereka kale kwa odwala khansa ina ya pakhungu, akuchotsa mwamsanga timibulu ta matenda a Alzheimer's mu ubongo wa mbewa. Malinga ndi lipotilo, m'maola 72 okha timibulu tidachepa ndi theka, penanso kuposa apo. Mbewa zomwe zidali zitasiya kumanga zisa zidayambanso kung'amba timapepala n'kumadzikonzera pogona ngati zinzake zabwinobwino.

Popeza mankhwalawa ankapezeka kale pamsika, abale a odwala adayamba kupempha madokotala kuti awalembere, ngakhale kuti padalibe munthu ndi m'modzi yemwe wodwala Alzheimer's amene adayesedwapo. Chaka chotsatira, magulu anayi a akatswiri m'malo osiyanasiyana adalengeza kuti abwereza ntchitoyo pa mbewa zawo koma sadaone timibulu tikuchepa monga momwe lipoti loyamba lidanenera. Atayesedwa pa kagulu kochepa ka anthu, mankhwalawo sadaonetse phindu lomwe linkayembekezeka, m'malo mwake adakweza mafuta m'magazi.

Nkhani zamtunduwu zimabwera pafupipafupi, ndipo masiku ano zimayenda msanga pa Facebook ndi pa WhatsApp: mankhwala akuti abwezera nzeru kwa mbewa zoiwalaiwala. Kawirikawiri nkhanizo sizikhala zabodza. Vuto ndi lakuti funso lomwe mbewa idayankha ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi lomwe wowerenga wokhala ndi kholo lodwala ali nalo mumtima.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matenda oiwalaiwala, omwe madokotala amawatcha dementia, ndipo oposa 60 pa 100 alionse mwa iwo ali m'maiko osauka ndi apakatikati. Dementia ndi dzina lophatikiza matenda angapo owononga ubongo. Mwa odwala 100 alionse, 60 mpaka 70 amakhala ndi mtundu wa Alzheimer's, ndipo kafukufuku wambiri wa pa nyama amalunjika pa mtundu umenewu.

Mankhwala atsopano asadaperekedwe kwa munthu, opanga amafunsa nyama mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti kodi mankhwalawa ndi poizoni? Amawononga chiwindi, impso kapena mtima pa mlingo wotani? Pa funso ili amagwiritsa ntchito nyama zathanzi, kawirikawiri makoswe pamodzi ndi agalu kapena anyani. Mwambowu udakhwima pambuyo pa tsoka la mu 1937, pomwe anthu oposa 100 ku America adamwalira atamwa mankhwala amadzi a sulfanilamide omwe sadayesedwe ngakhale pang'ono. Funso lachiwiri ndi lakuti kodi mankhwalawa amachiza? Apa m'pamene pagona vuto, chifukwa kuti uyese mankhwala a nthenda pa nyama, uyenera kukhala ndi nyama yodwala nthendayo. Koma mbewa sidwala Alzheimer's.

Mbewa yodwalitsidwa ndi anthu

Mu 1906, dokotala wa ku Germany Alois Alzheimer adafotokozera anzake zomwe adaona mu ubongo wa mayi wina, Auguste Deter, amene adamwalira chaka chomwecho ku Frankfurt atatha zaka zingapo ali wosokonekera mutu. Adaona zinthu ziwiri zachilendo: timibulu tomatirira pakati pa maselo a ubongo, ndi tinthu tonga ulusi wopiringizana mkati mwa maselowo. Padatenga zaka pafupifupi 80 kuti zidziwike kuti timibulu timapangidwa ndi kachidutswa ka puloteni kotchedwa amyloid, pamene ulusi umapangidwa ndi puloteni ina yotchedwa tau.

Mbewa imakhala ndi moyo zaka ziwiri kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo ngakhale ikalambe chotani, ubongo wake suunjika timibulu kapena ulusi umenewu. Njira idatseguka mu 1991, pomwe gulu la John Hardy ku chipatala cha St Mary's mu London lidapeza cholakwika m'majini a banja lina lomwe anthu ake ankadwala Alzheimer's asadakalambe, m'bado ndi m'bado. Majini omwe tikunena pano si mizimu yoipa ija, koma malangizo a chibadwa omwe mwana amalandira kwa makolo ake. Akatswiri adaona kuti akatenga majini olakwikawo n'kuwaika m'dzira la mbewa, pangabadwe mbewa yopanga amyloid wa munthu wochuluka.

Izi zidatheka mu 1995 ku kampani ya Athena Neurosciences ku California, ndipo mu 1996 Karen Hsiao wa pa yunivesite ya Minnesota adatulutsa mtundu wina wotchedwa Tg2576, womwe uli ndi cholakwika chochokera ku banja la ku Sweden. Mu 2006 kudabwera mtundu wa 5xFAD, womwe adausenzetsa zolakwika zisanu nthawi imodzi, kotero kuti timibulu timayamba kuoneka mbewa ili ndi miyezi iwiri yokha. Palibe munthu amene amabadwa ndi zolakwika zisanu zonsezo. Akatswiri amaikonda mbewayi chifukwa imafulumiza ntchito: wophunzira wa digiri yapamwamba sangadikire zaka ziwiri kuti aone zotsatira za kuyesa kumodzi.

Choncho mbewa za m'labotale si zokumba kumunda zomwe timaona zitapanidwa pa timitengo m'mbali mwa msewu wa M1. Ndi nyama zogula pamtengo wokwera, zokhala ndi nambala ndi mbiri ya makolo, zobadwa kuchokera kwa abale okhaokha kwa mibadwo yambiri mpaka zonse zimafanana ngati mapasa.

Kufunsa mbewa ngati ikukumbukira

Munthu wodwala dementia amafunsidwa tsiku, dzina la malo amene ali, kapena mawu atatu omwe wauzidwa mphindi zisanu zapitazo. Mbewa siyankhula. Njira yotchuka kwambiri yoifunsira adaitulukira Richard Morris pa yunivesite ya St Andrews ku Scotland, amene adaifalitsa mu 1981 atayesa pa makoswe.

Amatenga thanki yozungulira, yotakata kuposa mita imodzi, n'kudzazamo madzi. Madziwo amawasakaniza ndi mkaka kapena utoto woyera kuti asaonekere pansi. Penapake m'thankimo amabisa kansanja komwe pamwamba pake pamakhala pomira pang'ono, moti nyama singakaone. Pamakoma a chipindacho pamakhala zizindikiro zosasuntha, monga chithunzi, khomo kapena shelefu. Nyama ikaikidwa m'madzi imasambira uku ndi uku kufuna potulukira, mpaka mwangozi iponda pa kansanjako. Amabwereza kangapo patsiku kwa masiku angapo, akumaiyambitsira mbali zosiyanasiyana. Nyama yathanzi imaphunzira kuti kansanja kali, tinene, pakati pa khomo ndi chithunzi, ndipo imalunjika pomwepo m'masekondi ochepa. Tsiku lomaliza amachotsa kansanjako, n'kuilola kusambira kwa mphindi imodzi kamera ikujambula. Yokumbukira imazungulirazungulira pamalo pomwe padali kansanja. Yoiwala imangoyenda paliponse.

Mu 1982 Morris ndi anzake adaonetsa kuti makoswe owonongeka gawo la ubongo lotchedwa hippocampus amalephera mayesowa. Gawo lomweli ndi limodzi mwa oyamba kuwonongeka mwa munthu wodwala Alzheimer's, n'chifukwa chake thanki ya Morris idafalikira m'malabotale padziko lonse. Pali mayeso enanso osavuta: mbewa imakonda kununkhiza chinthu chachilendo kuposa chomwe idaona kale, ndiye ikapatsa ziwirizo nthawi yofanana, amati yaiwala chakalecho.

Nzeru imeneyi ndi yogometsa, koma ili ndi mipata. Mbewa ingachedwe kupeza kansanja chifukwa siona bwino, pakuti mitundu ina ya mbewa za m'labotale imabadwa ndi vuto la maso lomwe limazichititsa khungu. Ingachedwe chifukwa cha mantha, kuzizira kwa madzi kapena kufooka kwa miyendo. Zina zimangoyandama osasambira. Mankhwala ochepetsa mantha angaoneke ngati abwezera chikumbukiro. Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino, chomwe chayezedwa ndi kukumbukira malo amodzi kwa masiku ochepa. Dementia ya munthu imalanda zambiri: mawu, dzina la mwana wobereka yekha, kuwerenga ndalama, kudziwa kuti nsima yapsa kapena ayi, manyazi, ngakhale khalidwe. Palibe thanki yomwe ingayeze zimenezi.

Akatswiri ena safuna n'komwe mbewa zosinthidwa majini. Amabaya nyama yathanzi mankhwala otchedwa scopolamine, omwe amatchinga kwa maola ochepa ntchito ya acetylcholine, chinthu chomwe maselo a ubongo amatumizirana nacho mauthenga. Nyamayo imaiwala, kenako amaipatsa mankhwala oyesedwawo kuti aone ngati kuiwalako kutha. Njira imeneyi idathandiza popanga donepezil, mankhwala a kampani ya ku Japan ya Eisai omwe adavomerezedwa ku America mu 1996 ndipo akugwiritsidwabe ntchito. Donepezil amachepetsa zizindikiro kwa kanthawi, koma saimitsa kufa kwa maselo. Izi n'zosadabwitsa: mu khoswe wobayidwa scopolamine mulibe selo lomwe likufa. Lero malipoti ambiri onena kuti tsamba lakuti kapena muzu wakuti umachiza kuiwala amachokera pa mayeso a mtundu womwewu, ndipo ayenera kuwerengedwa ndi diso limenelo.

Katemera amene adachiza mbewa

Phunziro lalikulu kuposa onse lidabwera ndi katemera wotchedwa AN1792. Mu 1999 Dale Schenk wa ku kampani ya Elan adabaya mbewa zosinthidwa majini amyloid yemweyo ngati katemera, kuti chitetezo cha m'thupi chiphunzire kulimbana naye. Mbewa zobayidwa zili ndi masabata asanu ndi limodzi zidakula pafupifupi popanda timibulu, ndipo zobayidwa zili ndi miyezi 11 zidali ndi timibulu tochepa kwambiri. Magulu ena adaonetsa kuti mbewa zotemeredwa zimachita bwino pa mayeso a m'madzi. Katemerayo adayesedwanso pa nyama zina ndipo sadaonetse choopsa.

Atafika kwa anthu zinthu zidatembenuka. Kumayambiriro kwa 2002 kuyesako kudaimitsidwa chifukwa odwala 18 mwa 300 omwe adalandira katemerayo, kutanthauza 6 pa 100 alionse, adatupa ubongo. Chitetezo cha m'thupi la munthu chidachita ukali womwe sudaoneke mu mbewa.

Chachiwiri chidadziwika mu 2008. Clive Holmes ndi anzake ku Southampton, ku England, adatsatira odwala omwe adalandira katemerayo m'gawo loyamba la kafukufuku, ndipo adapima ubongo wa asanu ndi atatu atamwalira. Katemera adagwiradi ntchito yake: mwa ena timibulu tidali titachotsedwa pafupifupi tonse. Koma asanu ndi awiri mwa asanu ndi atatuwo, kuphatikizapo omwe ubongo wawo udayera, adamwalira dementia itafika pachimake. Mbewa idanena zoona kuti katemera amachotsa timibulu. Zoti kuchotsa timibulu kumabwezera nzeru kwa munthu amene maselo ake afa kale, mbewa sikadatha kunena.

Pambuyo pake mndandanda wa zolephera udatalika. Mankhwala a semagacestat a kampani ya Eli Lilly, omwe ankatchinga chimodzi mwa zinthu zodula puloteni kuti amyloid apangike, adaimitsidwa mu August 2010 ataona kuti owamwa akuipiraipira msanga kuposa omwe sankamwa, ndipo khansa ya pakhungu ikuchuluka pakati pawo. Jeffrey Cummings ndi anzake atawerengera ntchito yonse ya pakati pa 2002 ndi 2012, adapeza kuti mwa mankhwala 244 omwe adayesedwa pa anthu, amodzi okha, memantine, ndi omwe adavomerezedwa. Kulephera kudali 99.6 pa 100 alionse.

Zifukwa zake zikudziwika. Majini omwe amaikidwa mu mbewa ndi a mabanja osowa kwambiri, omwe ndi pafupifupi m'modzi pa odwala 100 alionse kapena kucheperapo. Otsalawo amadwala atakalamba, pa zifukwa zosakanikirana za msinkhu, chibadwa, kuthamanga kwa magazi, shuga ndi zina. Mbewa zambiri zotere zimadzaza timibulu koma zilibe ulusi wa tau, ndipo maselo ake safa mochuluka ngati a munthu. Nthawi zambiri zimapatsidwa mankhwala zikadali zazing'ono, matenda asadayambe, pamene munthu amafika kwa dokotala amyloid ataunjikana kwa zaka 15 kapena 20. Kumeneko ndi kuyerekeza kutseka khola mbuzi zili mkati ndi kulitseka fisi atadutsamo kale.

Palinso zifukwa za anthu ochita kafukufuku eni ake. Malipoti ambiri akale adagwiritsa ntchito mbewa zochepa pa gulu lililonse, nthawi zina zazimuna zokha kapena zazikazi zokha, ndipo woyeza ankadziwa kuti iyi yalandira mankhwala, iyi ayi. Zotsatira zokoma zimafalitsidwa, zowawa zimatsala m'kabati. Chinyengo nacho sichisowa: lipoti lotchuka la mu 2006 lochokera ku yunivesite ya Minnesota, lonena za mtundu wina wa amyloid womwe akuti umaiwalitsa nyama, magazini ya Nature idalichotsa mu 2024 zitadziwika kuti zithunzi zina zidasinthidwa.

Pomwe mbewa idalondola

Kunena kuti ntchito yonseyi idapita pachabe kungakhale kulakwa. Lars Lannfelt wa ku Sweden adapeza cholakwika china cha majini m'banja la kumpoto kwa dzikolo, ndipo gulu lake ku yunivesite ya Uppsala lidapanga, kuchokera mu mbewa, chida cha chitetezo cha m'thupi chotchedwa antibody chogwira amyloid asadaume kukhala timibulu. Chidayesedwa pa mbewa, kenako chidakonzedwa kuti thupi la munthu lichilandire. Ameneyu ndiye lecanemab, amene bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lidamuvomereza kotheratu mu July 2023.

Pa kafukufuku wa anthu 1,795 odwala matendawa akungoyamba, lecanemab adachepetsa liwiro la kuipiraipira ndi 27 pa 100 alionse m'miyezi 18. Chiwerengerochi chimamveka chachikulu, koma pa sikelo ya madokotala yofika 18, kusiyana kwa magulu awiriwo kudali 0.45. Palibe amene adachira. Magulu onse awiri adapitiriza kutsika, limodzi pang'onopang'ono. Pa kafukufukuyo mankhwalawa ankaperekedwa pa diripi masabata awiri alionse. Amafuna kujambula ubongo ndi makina a MRI kangapo, ndipo mtengo wake ku America udaikidwa pa madola 26,500 pachaka. Ku England adaloledwa kugulitsidwa, koma bungwe lounika mitengo ya chithandizo la NICE lidati phindu lake ndi lochepa moti zipatala za boma zisalipire.

Choopsa chachikulu cha mankhwala a mtunduwu ndi kutupa ndi kukha magazi pang'ono mu ubongo. Pa ichi mbewa idachenjeza kalekale. Mu 2002 gulu la Mathias Jucker ku Basel, ku Switzerland, lidapatsa antibody wotere mbewa zokalamba zomwe zidali ndi amyloid m'mitsempha ya magazi, ndipo lidaona kukha magazi kukuchuluka. Kusiyana kwake kudali kwakuti iwo adadikira mbewa zawo zikalambe.

Nyama zina zimayandikira munthu kuposa mbewa. Galu wokalamba amaunjika amyloid wofanana ndi wa munthu mwachibadwa, ndipo ena amasokonekera, kusochera m'nyumba momwe akhala zaka zonse ndi kuuwa usiku popanda chifukwa. Mu 2008 Elizabeth Head wa pa yunivesite ya California ku Irvine adafalitsa zotsatira za katemera wa amyloid pa agalu okalamba a mtundu wa beagle: timibulu tidachepa, koma kuphunzira ndi kukumbukira sikudasinthe kwenikweni. Agalu adapereka yankho lofanana ndi la odwala a ku Southampton, koma padatenga zaka ziwiri zowabaya ndi kuwayesa, kuwonjezera pa zaka zowadikira kuti akalambe. Pachilumba cha St Kitts ku Caribbean pali apusi omwe makolo awo adachoka ku West Africa pa zombo zaka mazana atatu zapitazo, abale a apusi omwe amaba chimanga m'minda mwathu. Nawonso amaunjika amyloid akakalamba, ndipo amagwiritsidwa ntchito pa kafukufukuyu, koma pusi amakalamba patapita zaka 20.

Nyama zonsezi zimalipira ndi moyo, chifukwa pamapeto pake zambiri zimaphedwa kuti ubongo wake upimidwe. Kuyambira 1959, pomwe William Russell ndi Rex Burch a ku Britain adakhazikitsa mfundo zitatu, zoti pomwe pali njira ina nyama isagwiritsidwe ntchito, chiwerengero chake chichepe ndipo ululu wake uchepetsedwe, malamulo a maiko ambiri akhala akutsatira mfundozi. Mfundo yachiwiriyo ili ndi msampha wake: mbewa zikachepa kwambiri, zotsatira sizidalirika, ndiye kuti zafa chabe. Mu December 2022 America idasintha lamulo lake kuti kuyesa pa nyama kusakhalenso kokakamiza pa mankhwala onse atsopano, bola pakhale umboni wina wokwanira.

Umboni winawo ukuchokera ku maselo a munthu olimidwa m'mbale za m'labotale. Mu 2014 Doo Yeon Kim ndi Rudolph Tanzi ku Boston adalera maselo a ubongo wa munthu m'chinthu chonga phala lolimba, ndipo adaona timibulu ndi ulusi wa tau zonse zikuoneka, zomwe mbewa zambiri zidalephera kuonetsa. Mu 2023 gulu la Bart De Strooper la ku Belgium ndi London lidaika maselo a munthu mu ubongo wa mbewa yokhala ndi amyloid: maselo a munthu adadwala n'kufa, pamene maselo a mbewa m'malo omwewo adapirira. Koma mbale ilibe chiwindi, ilibe mitsempha ya magazi, ndipo singasambire kufuna kansanja. Pa chifukwa ichi, kuyambira 2016 boma la America lakhala likulipirira ntchito yotchedwa MODEL-AD yopanga mbewa zatsopano zokhala ndi majini a odwala okalamba wamba, ndi kuzisunga mpaka zikwanitse zaka ziwiri.

Limodzi mwa majini omwe akuikidwa mu mbewa zatsopanozi ndi mtundu wotchedwa APOE4, womwe umakweza kwambiri chiopsezo cha Alzheimer's mwa anthu ochokera ku Ulaya. Kafukufuku woyerekeza okalamba a mtundu wa Yoruba ku Ibadan, ku Nigeria, ndi anthu akuda a ku Indianapolis ku America, amene adayamba mu 1992, adapeza kuti kwa a ku Ibadan APOE4 alibe mphamvu yofananayo, ndipo matendawo adali ochepa pakati pawo. Zolakwika za majini zomwe zili mu mbewa zakale zija zimadziwika ndi maina a komwe mabanja ake adapezeka: London, Sweden, Florida, Indiana. Pa kafukufuku wamkulu wa lecanemab, anthu akuda sadakwane atatu pa 100 alionse.